Galimoto Yopanda Kalachi

Lifuwu, Salima
12 Okotobala 1992

Wokondedwa mwana wanga Fanuel,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Joni, pamodzi ndi apongozi anga a Eveles ndi ana onse. Kodi chifuwa chija chinamusiya Pauline? Ine kuno ndilipo, mwendo wamanzerewu ndiwo ukungochita zake monga ukuudziwira. Mlongo wako Rute ali bwino, anabwera sabata yatha kudzandichapira. Dzuwa la chaka chino laotcha zoopsa, anthu a kumtunda akubwera ndi timabeseni kudzapempha ganyu ku mpunga.

Wolemba kalatayi ndi Abdallah telala, monga mwa masiku onse. Ine pensulo sindinayigwirepo chibadwire, ndipo manyazi nazo ndilibe. Koma ndamuuza kuti lero alembe mawu momwe akutulukira m'kamwa mwangamu, asawasite ngati malaya a ukwati. Wavomera. Dziwa kuti munthuyu wakhala miyezi itatu akukana kundilembera, ngakhale tiyi wa pakhomo panga samamwa. Chifukwa chake uchimva m'munsimu.

M'kalata yako ya mwezi wa Julaye unandifunsa funso limodzi. Unati, kodi tsiku limene amayi anatisiya, galimoto ija inawathandiza? Ine ndinayankha kuti inde, inawafikitsa kuchipatala cha kuboma, anatsirizikira pabedi m'manja mwa madokotala.

Mwana wanga, linali bodza. Amayi ako sanafike kuboma, ndipo sanakwere galimoto yako tsiku limenelo. Khala pansi, undimve mpaka kumapeto, kenaka uchite zomwe mtima wako ukuuze.

Ukukumbukira pa Khirisimasi pamene unafika nayo, yoyera, fumbi la mayiko atatu lili m'matayala. Lifuwu yense anasonkhana. Ine ndinatsegula chitseko, kusuzumira pansi, n'kuona zopondera ziwiri zokha. Ndinakweza mawu kuti aliyense amve, ndinati akubera kumeneko, galimoto yopanda kalachi ndi ya madona opita kogula maluwa. Anthu anaseka. Iwe sunaseke. Unandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti waifunafuna miyezi yambiri ya otomatiki, yosintha magiya yokha, chifukwa mwendo wanga umene thirakitala inaphwanya sungathe kuponda kalachi. Unati ukufuna ndizitengera ndekha amayi kuchipatala ndi matenda awo a mtima, osapempha munthu.

Ndinamva bwinobwino. Ndinachita ngati sindinamve. Mumtima ndinkati, ine Yesaya amene ndakonza mathirakitala a ku sikimu ya mpunga zaka makumi awiri, amene ndimadziwa matenda a injini pongoika sikuludiraiva kukhutu, lero mwana wanga wandigulira galimoto ya anthu opunduka.

Chomwe sindinakuuze n'choti ndinaikonda. Zaka zisanu ndi zitatu ndinali ndisanagwire chiwongolero. Utangobwerera, ndinkaidzutsa m'mawa uliwonse ngakhale popanda kopita. Amayi ako ankamanga duku lawo lobiriwira lija, kukhala kutsogolo, n'kumakweza dzanja kwa anzawo a pachigayo ngati mkazi wa bwanamkubwa. Ankati mpando wake ndi wofewa kuposa matiresi athu.

Vuto linayamba mu Malichi, tikuchokera kuboma kokatenga mapilitsi awo. Tili pa tala, singano yosonyeza liwiro ija inangogwa n'kugona pansi ngati yafa, chonsecho galimoto ikuyenda. Pomwepo inakana kusintha giya. Injini ikulira ngati nkhumba yomangidwa, koma liwiro lake longoposa njinga pang'ono. Kanyali kena kachikasu kanayamba kuphethira kutsogoloku. Titalowa mumsewu wafumbi n'kugunda bampu, singano inadzuka, galimoto n'kusintha giya mwamphamvu, gu! Patsogolo pang'ono yagonanso. Amayi ako anaseka, amvekere galimotoyi ili ndi mtima ngati wanga, ukuima n'kuyambanso.

Kufika kunyumba ndinatenga sikuludiraiva yanga yaitali ija, nsonga pa giyabokosi, chigwiriro kukhutu. Ndinamvera kutsogolo, ndinamvera kumbuyo. Zii. Palibe cholira, palibe chokhulana. Chiyambire ntchito yanga, aka kanali koyamba chitsulo kukana kundiyankhula. Koma anthu anali ataima akundiyang'ana, tsono ndinadzuka, kupukuta m'manja, n'kulengeza kuti giyabokosi yapsa m'kati.

Amayi ako sanakhulupirire. Ananyamula nsalu ngati akukapindiritsa kwa Abdallah, kumeneko n'kukamulembetsa kalata yobwera kwa iwe. Ine ndinadziwa pamene yankho lako linafika mu Epulo.

Abdallah anayamba kundiwerengera pakhonde la shopu yake. Atafika pamene unalemba kuti vuto ndi sensa, anaima. Anayang'ana kumtunda kwa msewu, anayang'ana kumunsi, n'kundikokera m'kati, chitseko n'kutseka. Amvekere, "Wallahi, Yesaya, mwana wako watilembera zandale! Sensa si aja amatsegula makalata a anthu ndi kudula zithunzi m'mabuku?" Anapitiriza monong'ona. Pamene unati sensayo imakhala phee pambali n'kumauza ubongo wa galimoto mayendedwe onse, Abdallah anamenya tebulo, amvekere, "Wamva? Kazitape ameneyo!" Pano akulemba akuseka, akuti ndichotse zimenezi. Ndakana.

Iye anasokonezekadi, koma ine ayi. Nditangomva za bawuti ya nambala teni ndinadziwa kuti ukunena kachitsulo. Unafotokoza bwino, mwana wanga, ngati munthu wodziwa ntchito yake. Unati galimoto yotere siidziwa yokha kuti ikuthamanga bwanji, imadalira kachipangizo kangati chala, komangidwa kumchira kwa giyabokosi, kokhala ndi maginito kunsonga ndi mawaya awiri. Kakasiya kulankhula, galimoto imakhala ngati yachita khungu, imakakamira giya imodzi kuti isadzipweteke. Unati umboni wake ndi singano ija: ngati ikugwa nthawi yomweyo imene magiya akukana, ndiye kuti zonse ziwiri zikumva bodza kuchokera pakamwa pamodzi. Unati popeza bampu ikumaidzutsa, ndiyambe ndi mawaya, ndiwatsate ndi chala kuchokera pa sensa mpaka kumene alowera. Ndikapanda kupeza kanthu ndimasule kabawuti kamodzi kaja, ndisolole sensa, ndipukute tizitsulo tomata pa maginito. Zikakanikabe ndikabwereke mita yoyezera magetsi kwa Anderson wokonza mawailesi kuboma. Unanenanso za kuwerenga kuphethira kwa kanyali kaja, kuti galimoto imatchula yokha nthenda yake.

Ndipo pomaliza unati, "Ababa, chonde musatsegule giyabokosi."

Mawu amenewo ndiwo anandiwotcha. Ndinalanda kalata m'manja mwa Abdallah, ndinamuuza kuti wanena zoona, pepala lotere lingatimangitse tonse awiri. Ndinatsegula ayironi yake yamakala n'kuponyamo. Iye anandithokoza.

Fanuel, ine sindinaope kumangidwa. Chimene sindinathe kumeza n'chakuti mwana amene ndinamuphunzitsa kusiyanitsa sipanala ya teni ndi ya thwelofu, lero akundiuza pogwira ndi posagwira. Ndiponso kuti mkazi wanga wakandinenera kwa mwana kuti ndalephera. Kunyumba ndinawakalipira amayi ako. Anangoti, "AMwale, mwanayo ndi wanu yemwe, nzeru zakezo anazitenga kuti?" Sindinawayankhe masiku awiri.

Mu Meyi ndinaitana Binali wangolo uja, tinamanga tcheni panthambi ya mango, galimoto pamiyala, n'kutsitsa giyabokosi. Nditatsegula ndinaima kukamwa kuli yasa. Munalibe magiya amene ndimawadziwa. Munali tinjira tokhotakhota ngati ta chiswe, timipira tachitsulo ngati mikanda, timasipuling'i toonda ngati tsitsi. Oyilo wake anali wofiira, woyera bwino, wosanunkha kupsa ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba lomwelo ndinadziwa kuti m'menemo mulibe nthenda.

Munthu wanzeru akanatseka pomwepo. Ine ndinapitiriza kumasula, chifukwa anthu odutsa ankaima kudzaonerera, ndipo ndinali nditawauza kale kuti yapsa. Ndinayala zitsulo pamphasa ya amayi ako, timipira tija m'lichero lawo lakale. Kamodzi kanagubuduka n'kulowa mumchenga, ndinakafuna masiku awiri ndikusefa dothi ndi sefa ya ufa. Pofuna kubwezera, sindinadziwenso kuti kampira kati kanali m'kanjira kati.

Masabata atatu anatha choncho. M'mawa uliwonse amayi ako ankalambalala mphasa ija ndi tsache lawo, n'kufunsa funso limodzi lokha, "Lero iyenda, aMwale?" Ine ndinkati mawa.

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Juni, nthawi yokolola mpunga. Dzuwa litakwera pang'ono amayi ako ankapeta pabwalo. Ine ndili pansi pa mango ndi zitsulo zanga, ndinamva lichero lagwa. Kutembenuka, akhala pansi, dzanja pachifuwa, milomo yayera. Tinawanyamula kupita kukachipatala ka kuno. Anawabaya jakisoni n'kutiuza kuti izi n'zakuboma, tithamange, tisachedwe. Galimoto ya matola inali itanyamuka m'mawa, ina sinkadziwika kuti ibwera nthawi yanji. Binali anamanga ng'ombe zake.

Tinadzera pakhomo kuti Rute atenge matiresi ndi bulangete. Ngolo inaima pafupi ndi mango aja. Amayi ako anatembenuza mutu n'kuyang'ana galimoto yako ili pamiyala, mimba yake ili pamphasa. Anayang'ana nthawi yaitali.

Panjira ndinawagoneka pamiyendo panga. Binali ankamenya ng'ombe mpaka ndinamumvera chisoni, koma ng'ombe ndi ng'ombe. Penapake anatsegula maso n'kuona nkhope yanga momwe inalili. Anamwetulira, amvekere, "Musadandaule aMwale, ng'ombezi nazonso n'za otomatiki, zilibe kalachi." Rute anaseka uku akulira.

Ukuudziwa mlambe waukulu uja, usanafike pa tala. Tikuyandikira pamenepo anapempha madzi. Atamwa pang'ono anandigwira dzanja, linali lakuda ndi girizi chifukwa sindinapeze mpata wosamba. Analiyang'ana, analipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo monga ankachitira ndikabwera kuntchito. Asanamalize kupukuta, dzanja lawo linalefuka. Binali anaimitsa ng'ombe pamthunzi. Tinatembenuka pomwepo kubwerera kumudzi.

Sanandidzudzule, mwana wanga, ngakhale ndi liwu limodzi. Bwenzi zili bwino akanandinyoza.

Tsono imva chimene chimandidya. Galimoto ija, ngakhale inkadwala, inkayenda. Ndi giya yake imodziyo, ikulira choncho, inkafika kuboma ola lisanakwane. Ndinali nditapita nayo kawiri konse ili yotero. Sinafe ndi sensa, sinafe ndi kukalamba. Ndinaipha ndine ndi manja angawa, kuti anthu asanene kuti Yesaya waphunzitsidwa ndi mwana wake. Kaya madokotala akanawapulumutsa kaya ayi, adziwa ndi Mulungu. Koma mpata umenewo unawagulira ndiwe, ndipo amene anawalanda ndine.

Mapepala ako atakukaniza kubwera kumaliro, ndinalira pamaso pa anthu, koma m'kati ndinapuma, chifukwa ndinadziwa kuti suona galimoto yako ili pamiyala. Kenaka kalata yako inafika ndi funso lija. Ndinamuuza Abdallah zolemba. Analemba, chifukwa ndinali wamaliro ndipo sanafune kukangana nane. Atamaliza anaika cholembera pansi, amvekere, "Astaghfirullah, dzanja langa ladya haramu lero. Usadzabwerenso kuno ndi pepala kufikira utafuna kunena zoona." Ndinamuuza kuti matelala ndi ambiri. Koma sindinapite kwa wina.

Mu Ogasiti ndinalongedza zitsulo zonse m'matumba, kukweza pa lole ya mpunga, ulendo ku Lilongwe. Ndinafunsira mpaka ndinapeza galaja ina kumene amadziwa magalimoto otere. Makaniko wake ndi wamsinkhu wako. Anasuzumira m'thumba n'kufunsa kuti wachita zauchitsiru zoterezi ndani. Ndinavula chipewa n'kunena kuti ndine. Amene anachita manyazi anali iyeyo. Anaimanganso giyabokosiyo m'masiku anayi, ndipo ananditsimikizira kuti munalibe chowonongeka kupatula zomwe ndinapinda ndekha.

Tinaikwezanso ndi Binali. Ndinailiza galimoto, kuyenda nayo mpaka pachigayo. Singano ili gone. Kanyali kakuphethira. Giya imodzi yomwe ija. Miyezi yonseyi, maliro onsewa, nthenda ili pomwe inali mu Malichi.

Madzulo ake ndinapita kwa Abdallah wopanda pepala. Ndinaima pakhomo ngati mlendo. Ndinamufunsa ngati akukumbukirako kalikonse m'kalata imene tinawotcha ija. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, amvekere telala amene amasunga m'mutu chiuno cha mudzi wonse sangaiwale tsamba limodzi. Anandibwerezera yonse, mpaka bawuti ya nambala teni.

M'mawa mwake ndinalowa pansi pa galimoto n'kuchita monga unanenera. Ndinapeza sensa ija kumchira. Ndinagwira mawaya awiri aja n'kuyamba kuwatsata ndi chala. Sindinapite patali, mwina kutalika kwa mkono. Pamene akwerera kuseri kwa chitsulo chopingasa, chala chinagwa m'chisa: mankhusu a mpunga, tizidutswa ta chiguduli, ndi manyi a khoswe. Waya mmodzi anali wodyedwa, wangotsala kulendewera ndi kaulusi kamodzi. N'chifukwa chake bampu inkaudzutsa. Nthawi ya mvula ndinkaigoneka galimoto m'shedi momwe timasungira matumba a mpunga, kuopa kuti inganyowe.

Ndipo pulagi ya mawaya omwewo ndinaizula ndi dzanja langa pomwe tinkatsitsa giyabokosi, ndinaibwezeranso ndi dzanja langa. Kawiri konse chala changa chinali pafupi ndi chisa chija. Sindinayang'ane dala, chifukwa zinali za m'kalata yako.

Sindinafune kudzikhulupiriranso, tsono ndinatumiza uthenga kwa Anderson. Anabwera pa njinga ndi mita yake. Pa waya wabwino singano ya mita inkalumpha, pa wodyedwawo inkangonjenjemera n'kugwa. Tinadula podyedwapo, kulumikiza, iye n'kuwotcherera ndi mtovu wake wa mawailesi, kukulunga tepi. Ndinamasulanso kabawuti kaja n'kupukuta maginito monga unalembera. Ntchito yonse inatha tiyi amene Rute anatiikira asanazizire.

Ndinakatenga Abdallah kuti tikaiyese. Anakhala pampando wa amayi ako, atagwira chikofiya chake ndi manja awiri. Singano inadzuka titangotuluka pabwalo. Kanyali kanazima. Msewu wafumbi uja ndinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, koma titayandikira mlambe uja njira inasalala, phazi linaponda lokha. Pansi pa mtengo womwewo, pamthunzi pomwe Binali anaimitsa ng'ombe, galimoto yako inasintha giya. Inasintha mofewa, mwana wanga, mwakuti munthu wodwala atagona kumbuyo sakanamva n'komwe.

Ndinaima pambali, ndinazimitsa injini. Kulira kumene ndinalira pamenepo sindinalire ngakhale kumanda. Abdallah anangokhala, dzanja lake lili paphewa panga, mpaka ndinatha. Titafika pashopu anatsika, n'kunena kuti ndikakonzeka pepala lilipo. Zanditengera mwezi ndi theka kuti ndikonzeke.

Unalemba kuti ubwera mu Disembala kudzamanga chiliza cha amayi ako. Sindinafune kuti udzamve zimenezi pachitsime kapena kwa Binali atamwa. Rute ndinamuletsa kukulembera, usamukwiyire, mlandu ndi wanga ndekha.

Sindikudziwa kupepesa, sindinazolowere. Abdallah akuti mawu ake ndi amodzi okha ndipo ndi aafupi. Chabwino. Pepa, mwana wanga. Ndinakunyoza pamaso pa anthu chifukwa cha mphatso yako, ndinawotcha nzeru zako, ndinawayendetsa amayi ako pangolo tsiku lawo lomaliza, kenaka ndinakunamiza. Zinayi zimenezi ndi zanga.

Ukafuna kudzatenga galimoto, makiyi ali pamsomali kuseri kwa chitseko, sindidzatsutsa. Chiikonzere yanyamula odwala atatu kupita kuboma, mmodzi anali mayi wapakati wa kwa Masiye, ndipo onse anafika. Sindikunena izi kuti undichepetsere mlandu. Ukakhala kuti sufuna kugona pakhomo panga, Rute wakonza chipinda kwake. Ukakhala kuti sufuna kundipatsa moni, ndidzaima patali pomwe mukumanga chiliza. Koma usalephere kubwera kwa amayi ako chifukwa cha ine. Iwo sanakulakwire. Ankakunyadira mpaka anzawo a kumvano ankatopa nazo.

Koma ukadzapeza mumtima mwako kampata, pali chinthu chimodzi cha m'kalata ija chimene ine ndi Abdallah sitinachimvetse, cha kuwerenga kuphethira kwa kanyali. Ndikufuna udzandiphunzitse. Ndidzakhala pansi, sikuludiraiva ndidzaisiya m'nyumba, ndipo sindidzakudula mawu.

Kalatayi ndapatsira Kenneth wa kwa Masiye amene akubwerera kumeneko Lachinayi. Abdallah wakana kuti ipite pa positi, akuti mawu oti sensa achulukamo. M'kati mwa envulopu upezamo kanthu kokulunga m'kansalu kobiriwira. Kansaluko tadula ku duku la amayi ako. Chili m'katimo ndi kawaya kodyedwa kaja. Ukayeze ndi chala chako, uone kuchepa kwake.

Undiperekere moni kwa apongozi anga a Eveles, uwauze kuti jekete lija likundikwana. Pauline ndi Christopher uwauze kuti agogo awo akuwasungira mpunga watsopano. Rute ndi amuna ake akupereka moni. Abdallah akuti salaamu zambiri, ndipo akuti umukhululukire naye pa dzanja lake. Mulungu akusunge pantchito, akuteteze m'misewu ya kumeneko, akupatse ana omvera ndi mtima wowamvera iwenso.

Dzina lili pansipa walemba ndi Abdallah, koma chala chadindidwacho n'changa. Inki yodindira inatha, taviika mu oyilo wofiira uja.

Ndine bambo ako,
Yesaya Mwale